Mafuta, Ndulu ndi Nsinjiro: Ntchito Imene Imachitikira Pakhungu la Kadontho

A Gogo Chalo ndi mafumu nonse, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, aphunzitsi, amayi a m'magulu osamalira ana, alimi a ng'ombe za mkaka, ndi inu achinyamata amene mumakazinga tchipisi m'mbali mwa msewu wa M1, ndikupatsani moni nonse. Ndikudziwa kuti ena mwalawirira kuchokera ku Bembeke, ku Mayani, ku Lobi ndi ku Linthipe chisanu cha kuno chikuluma zala, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa lipendeke.

Nkhani yanga lero ndi ya mafuta a m'chakudya: mmene thupi limawagayira, ndi mmene zinthu zina zotchedwa ma surfactant zimathandizira kapena kusokonezera ntchitoyo. Dzinalo lisakuopseni. Surfactant ndi kanthu kamene mbali yake imodzi imakonda madzi pomwe ina imakonda mafuta, motero malo ake okhala ndi pamalire pomwe madzi ndi mafuta akumana. Sopo ali m'gulu limeneli. M'kachikasu ka dzira muli wina. M'mtedza ndi mu soya alimonso. Ndulu yanu ndiye mkulu wa onsewa. Ine ndizingozitcha zogwirizanitsa, poti zimagwirizanitsa mafuta ndi madzi.

Mfundo zanga ndi zisanu. Yoyamba, malo enieni pomwe mafuta amagayidwira. Yachiwiri, ntchito ya ndulu ndi kapamba. Yachitatu, zogwirizanitsa zimene tili nazo kale pakhomo. Yachinayi, zogwirizanitsa za kufakitale ndi chiponde cha kuchipatala. Yachisanu, chiwaya ndi sopo. Koma mukaiwala zonsezi, mukakumbukeko ichi chokha: mafuta amagayidwira pakhungu la kadontho, ndipo chimene chakhala pakhungupo ndicho chimalamula liwiro la ntchito.

Mfundo yoyamba. M'matumbo mwathu ndi mwamadzi. Timadzi tonse togaya chakudya timasambira m'madzimo. Mafuta sasungunuka m'madzi, izi mwana aliyense amene adatsukapo mbale yodyera nyama ya nkhumba akuzidziwa. Ndiye thupi limatani?

Mukafika kunyumba mukayese izi. Mukatenge mabotolo awiri oonekera m'kati, mukathiremo madzi theka ndi masupuni awiri a mafuta ophikira. M'botolo limodzi mukaonjezere kachikasu ka dzira pang'ono. Mukatseke, mukakhutchumule onse awiri mofanana, kenako mukawaimike pansi. Loyamba lija, musanamalize ndi kusamba m'manja, mafuta akhala atabwerera pamwamba. Lachiwirilo likhalabe loyera ngati mkaka kwa nthawi yaitali. Mafutawo sanasungunuke ayi. Aduka n'kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo kadontho kalikonse kavala khungu lochokera m'dzira limene likukaletsa kuphatikana ndi anzake. Msakanizo wotere asayansi amautcha emulsion. Mkaka ndi emulsion. Majarini ndi emulsion yotembenuza, timadontho ta madzi tobisika m'mafuta. Msuzi wa ndiwo zotendera nawonso ndi emulsion.

Tsopano m'thupi muli enzaimu yotchedwa lipase, imene ntchito yake ndi kudula mafuta. Mafuta amene timadya ali ngati msana umodzi wokhala ndi michira itatu. Lipase amadulapo michira iwiri n'kusiya umodzi pamsanapo, ndipo tizidutswa timeneti ndito matumbo amatha kuyamwa. Vuto lake, lipase ndi wa m'madzi. Sangalowe m'kati mwa dontho la mafuta. Mu 1958, asayansi awiri a ku Marseille m'dziko la France, Sarda ndi Desnuelle, adaonetsa kuti lipase wa kapamba amagwira ntchito mwamphamvu pokhapokha akapeza malire a mafuta ndi madzi n'kukakamirapo.

Taganizani za msika wa kachewere pa Bembeke kapena pa Lizulu. Lole itakhuthula mbatata yonse pamulu umodzi waukulu, ogula angafikire ya m'mphepete yokha, yapakatiyo ingakhale mpaka madzulo. Amayi ogulitsa amadziwa, n'chifukwa chake amaigawa timilu ndi tizidebe, ogula ambiri n'kumasankha nthawi imodzi. Mbatata ndi yomweyo, koma malo ofikirapo achuluka. Dontho la mafuta lokula milimita imodzi mukaliduladula kuti kadontho kalikonse kachepe ka 1,000, mumapeza timadontho 1,000,000,000, ndipo khungu lonse pamodzi limakula ka 1,000. Mu 1999, ku Marseille komweko, Martine Armand ndi anzake adapatsa anthu athanzi mafuta ofanana, ulendo wina a timadontho ting'onoting'ono, ulendo wina a madontho okulirapo. A timadontho ting'onoting'ono aja ndiwo adadulidwa kwambiri m'chifu ndi kumayambiriro kwa matumbo. Munthu wathanzi pamapeto pake amayamwabe pafupifupi onse, chifukwa matumbo ake ndi aatali ndipo zida zake ndi zokwanira. Koma si aliyense m'midzi mwathu ali ndi zida zokwanira, ndipo tifikako.

Mfundo yachiwiri, ndulu ndi kapamba. Pano ndichedwapo, chifukwa mpomwe pagona nkhani.

Ndulu tonse timaidziwa pa nkhuku ndi pa mbuzi, kathumba kobiriwira komatirira kuchiwindi kamene timachotsa mosamala kuopa kuwawitsa nyama. Kathumbako ndi mosungira chabe. Madzi a ndulu amapangidwa ndi chiwindi, pafupifupi theka la lita kapena kuposa pa tsiku mwa munthu wamkulu. Chakudya chamafuta chikangochoka m'chifu kulowa m'matumbo aang'ono, kathumbako kamafinyika n'kuthira madziwo. Nthawi yomweyo kapamba, chiwalo chija chimene chimapanganso insulini, amathira madzi ake okhala ndi lipase. Ntchito ina imakhala itayambika kale m'chifu, momwe muli lipase wa mtundu wina, koma yaikulu imachitikira pamenepa.

Amene adatsegula maso a anthu pa nkhaniyi ndi Claude Bernard wa ku Paris, cha m'ma 1848, ndipo adathandizidwa ndi kalulu. Mwa ife anthu, njira ya ndulu ndi ya kapamba zimalowera pamalo amodzi m'matumbo. Mwa kalulu, ya kapamba imakalowera kumunsi, masentimita 30 kapena kuposa kuchokera pa ya ndulu. Bernard adadyetsa kalulu chakudya chamafuta n'kumutumbula. Adaona kuti timitsempha timene timanyamula mafuta kuchoka m'matumbo tidayera ngati mkaka kuyambira pomwe madzi a kapamba adalowera, osati kumtunda komwe kudali ndulu yokha. Ndulu payokha sidula mafuta. Imangokonza malo.

Imakonza bwanji? M'madzi a ndulu muli timichere timene ndi zogwirizanitsa zamphamvu kwambiri, ndipo timagwira ntchito zitatu. Timathandiza kuti timadontho tisaphatikanenso. Timachotsa chilichonse chimene tapeza chitakhala pakhungu la kadontho, kaya ndi puloteni ya mkaka, kaya ndi ya mtedza. Ndipo lipase akadula, timanyamula tizidutswato n'kukatitula pakhoma la matumbo. Ntchito yachitatuyi musaipeputse. Tizidutswa timene lipase wadula natonso ndi zogwirizanitsa, timakonda kukhala pakhungu pomwepo, ndipo tikapanda kuchotsedwa timatsekereza yemwe watidulayo mpaka ntchito kuima.

Tibwerere pamsika paja. Timilu tagawidwa bwino, koma mulu uliwonse wazingidwa ndi anthu oimirira, wogula alibe polowetsa dzanja. Ndulu ndi mkulu wa msika amene amabwera kudzabalalitsa anthuwo. Koma mkuluyu ndi wankhanza mopitirira, amathamangitsa ndi wogula yemwe. Izi ndi zoona m'matumbo: ndulu ikachuluka pakhungu la kadontho, lipase amagwa pamenepo. Ndiye kapamba amatumizanso kapuloteni kena kakang'ono kotchedwa colipase, kamene kamakakamira pakhungulo ngakhale ndulu ilipo, n'kumugwira lipase dzanja kuti afikire mafuta. Bengt Borgström wa ku Lund m'dziko la Sweden ndi mmodzi wa amene adafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pamafunika ndulu, lipase ndi colipase, atatu onsewa, pakhungu limodzi.

Thupi silimwaza ndulu. Timichere take tonse mwa munthu wamkulu ndi magalamu ochepa chabe, koma pafupifupi magawo 95 pa 100 aliwonse amayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kuchiwindi, motero timazungulira kangapo pa tsiku. Zikamayenda bwino, munthu amayamwa pafupifupi magawo 95 pa 100 a mafuta amene wadya. Zikasokonekera, chimbudzi ndicho chimaulula: chimatuwa, chimachita mafuta, chimanunkha kwambiri, chimavuta kutsuka. Alangizi a zaumoyo, ichi muziwauza amayi: khanda limene maso ake akhalabe achikasu patatha masabata awiri, chimbudzi chake n'kukhala chotuwa ngati dothi loyera, mkodzo n'kuda, lipite kuchipatala msanga, osadikira tsiku la sikelo. Mwina njira ya ndulu yatsekeka, ndipo vuto limenelo silidikira.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu, osati ya azungu okha, n'chakuti ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, madokotala adafufuza ana ogonekedwa chifukwa cha kunyentchera koopsa. Zotsatira zimene adafalitsa mu 2016 zidaonetsa kuti ambiri mwa anawo kapamba wawo sankatulutsa mokwanira timadzi togaya chakudya, ndiponso kayendedwe ka timichere ta ndulu kadali kosokonekera. Tamvani bwino pamenepo. Mwana amene akufunika mafuta kuposa wina aliyense ndi yemwenso zida zake zogayira mafuta zafooka. Kwa mwana wotere, kukula kwa kadontho ndi chimene chili pakhungu lake si nkhani ya m'kalasi.

Mfundo yachitatu, zogwirizanitsa zimene tili nazo pakhomo.

Ndiyambe ndi bere. Pafupifupi theka la mphamvu ya mumkaka wa m'mawere imachokera ku mafuta. Kadontho kalikonse ka mafutawo kamatuluka m'bere katavala kale khungu lake lopangidwa ndi thupi la mayi. Kuonjezera apo, mkakawo umabwera ndi lipase wakewake, amene amakhala phee mpaka atakumana ndi ndulu m'matumbo a mwana, pamenepo ndiye amadzuka n'kuyamba kudula. Kapamba wa khanda amakhala asanakhwime, ndiye mayi amatumiza chakudya pamodzi ndi mpeni wake. Lipase ameneyu amafa mkaka ukawiritsidwa, ndipo mumkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini mulibe. N'chifukwa chake timalimbikira za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6. Ndipo mwana azimaliza bere limodzi asanapite ku linalo, chifukwa mkaka wakumapeto ndiwo uli ndi mafuta ambiri. M'mera mpoyamba.

Inu alimi a ng'ombe mukudziwa kuti mkaka ukagona m'chidebe mafuta amakwera pamwamba, pomwe wa m'paketi wambiri sutero. Kusiyana kwake ndi makina amene Auguste Gaulin wa ku France adapanga cha m'ma 1899, omwe amakankha mkaka mwamphamvu pakampata kakang'ono kuti timadontho tiphwanyike. Khungu lakale limachepa, ndiye puloteni ya mkaka womwewo ndi imene imakuta malo otsalawo. Palibe mankhwala amene athiramo pa ntchito imeneyi. Wina akakuuzani kuti mkaka wosakwera mafuta ndi wachinyengo, mumufotokozere.

Tsopano nsinjiro. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo mitundu ngati CG7 ndiye ya mafuta kwambiri. Nanga bwanji mtedza wauwisi sukunyowetsani m'manja? Chifukwa mafutawo adasungidwa m'timatumba ting'onoting'ono kwambiri, kalikonse kokutidwa ndi khungu la puloteni ndi chogwirizanitsa chotchedwa lecithin, ndipo timatumbato tili m'kati mwa tizipinda tokhala ndi makoma olimba. Mukamatafuna mtedza wokazinga mothamanga, tizipinda tambiri timatsika tosasweka, ndipo lipase sangaboole khomalo. Mu 1980 madokotala awiri a ku America, Levine ndi Silvis, adayerekeza mtedza wathunthu, chiponde ndi mafuta a mtedza. Mafuta ambiri otayikira kuchimbudzi adawapeza mwa amene adadya mtedza wathunthu, ocheperapo mwa a chiponde, ochepetsetsa mwa a mafuta.

Apa ndimawavulira chipewa agogo athu. Taonani mmene mayi amatenderera nkhwani. Asinja mtedza mumtondo, asefa, zotsalira abwezeramo mpaka ufa usalale. Masamba akafewa athira nsinjiro pamwamba, avundikira kaye kuti nthunzi ilowe, kenako ndiye avundula ndi mthiko moto uli wapang'ono. Msuzi umene udali madzi obiriwira usanduka wokhuthala, wotuwira, wonata pamthiko. Musi waswa makoma aja, madzi otentha atulutsa timatumba ta mafuta, ndipo timatumbato tabalalika mumsuzi titavala khungu lawo lachilengedwe, limene timadzi ta m'chifu ndi ndulu timalichotsa mosavuta. Mayi ameneyu wapanga emulsion imene fakitale ingalipire ndalama zambiri kuti iipange.

Phindu lake silithera pa mafuta okha. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta, ndipo amalowa m'thupi atakwera ngolo ya ndulu yomwe ija. Nkhwani, bonongwe, mpiru, chigwada, kholowa, karoti, maungu ndi mbatata yofiira m'kati ngati Zondeni ndi Kadyaubwerere zili ndi chimene thupi limapangira vitamini A, koma zikadyedwa popanda mafuta n'komwe zambiri zimangodutsa. Sipafunika mafuta ambiri, kasupuni ka tiyi kamodzi pa mbale ya mwana kamasintha zinthu. Ndiye futali, mbatata yotendera ija imene ena amaiona ngati chakudya cha osauka, ndi chakudya chanzeru. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi masamba osinja liposa phala loyera lothira shuga yekha kutalitali. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pomwe ya ufa imapereka 4, ndipo kamimba ka mwana ndi kakang'ono. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka 5 m'Malawi adali opinimbira. Dera limene limalima mtedza, soya ndi nyemba ngati lathuli siliyenera kugulitsa zonse n'kutsala ndi nsima ya ndiwo zamadzi.

Chenjezo limodzi ndisanachoke apa: mtedza wonyala, wowola kapena wachuku musausandutse nsinjiro pofuna kupulumutsa. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo chiwindi ndicho chimapanga ndulu.

Mfundo yachinayi, za kufakitale. Mukagula majarini, bisiketi, chokoleti, buledi wa m'pepala kapena ayisikilimu, tembenuzani paketiyo muwerenge. Safunsa adadya phula. Mupeza mawu akuti emulsifier, kutanthauza chogwirizanitsa, ndi manambala oyamba ndi E. Ndikuuzani atatu.

E322 ndi lecithin. Adayamba kumupeza m'kachikasu ka dzira ndi Théodore Gobley wa ku France m'zaka za m'ma 1840, ndipo masiku ano ambiri amachokera ku soya ndi mpendadzuwa. M'ndulu mwathu alimonso. E471 ndi mafuta odulidwa kale michira, ofanana ndi tizidutswa tija timene lipase amasiya. Awiriwa thupi limawadziwa ndipo limawagaya ngati chakudya. Ine sindiona chifukwa chowaopera.

Wachitatu ndi E433, polysorbate 80, wopangidwa m'fakitale. Iyeyu ndi abale ake amakakamira pakhungu la kadontho mwamphamvu ndipo ali ndi mitu ikuluikulu imene imatenga malo. Asayansi akayesa m'magalasi otsanzira matumbo, monga amachitira David Julian McClements ndi anzake ku yunivesite ya Massachusetts, amapeza kuti mafuta okutidwa ndi zogwirizanitsa za mtundu umenewu amachedwa kudulidwa, makamaka zikachuluka kapena ndulu ikachepa. Lipase sanafe ayi, wangosowa poima. Ndulu ikakhala yokwanira imazikankha, ntchito n'kupitirira. Mukuona kuti tabwerera pomwe paja: chimene chakhala pakhungu ndicho chimalamula liwiro.

Kuchedwako kumaiko olemera ena akukufuna dala. Mafuta akafika kumunsi kwa matumbo asanagayidwe, thupi limatumiza uthenga ku ubongo kuti takhuta, ndiye akufufuza zakudya zochedwa kugayika zoti zithandize onenepa kwambiri. Kuno kwathu tili ndi mavuto onse awiri, abambo a mimba pa boma ndi mwana wowonda kumudzi, ndiye chimene chingathandize mmodzi chingapweteke mnzake.

Palinso nkhani ina yosakhudza lipase. Mu 2015, Benoit Chassaing ndi Andrew Gewirtz a ku Atlanta adafalitsa kuti mbewa za m'labu zimene zinkamwetsedwa polysorbate 80 kapena chogwirizanitsa china chotchedwa E466 zidasintha tizilombo tabwino ta m'matumbo, utoto woterera woteteza khoma la matumbo udapyapyala, ndipo zidayamba kutupa m'matumbo ndi kunenepa. Mbewa si munthu, ndipo mabungwe oona za chakudya amalolabe zinthuzi pa mlingo woikika: ku Ulaya ndi mamiligalamu 25 a polysorbate pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Kuno zolembedwa pa mapaketi zimayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards. Maganizo anga ndi akuti bisiketi imodzi sipha munthu, koma mwana amene kadzutsa wake tsiku ndi tsiku ndi zam'mapaketi akumanidwa zabwino, ndipo vuto lalikulu ndi shuga, mchere ndi kusowa kwa zomanga thupi, emulsifier akungobwera pambuyo. Chimodzi chokha ndinena mwamphamvu: ufa woyeretsa tiyi uja si mkaka. Ndi mafuta a zomera ndi shuga wa chimanga zogwirizanitsidwa kuti ziyere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Osamwetsa khanda.

Chitsanzo chabwino cha luso limeneli tili nacho m'zipatala zathu, chiponde cha ana onyentchera. Adachiyambitsa André Briend ndi Michel Lescanne ku France cha m'ma 1996, koma Malawi ndi limodzi mwa maiko amene adatsimikizira dziko lapansi kuti chimagwira ntchito mwana ali kunyumba. Mark Manary adayamba kuchiyesa ku Blantyre mu 2001, ndipo mu 2004 adakhazikitsa Project Peanut Butter. Ku Dowa, kuyambira 2002, bungwe la Concern Worldwide ndi la Valid International adayesa njira yothandizira ana m'midzi momwemo. Mu 2007 mabungwe a United Nations, kuphatikizapo WHO ndi UNICEF, adaivomereza njirayi. Kapaketi ka magalamu 92 kamapereka makalori pafupifupi 500, theka kapena kuposa kuchokera ku mafuta. Muli mtedza wopera bwino, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere. Madzi mulibe, n'chifukwa chake tizilombo sitiswanamo ndipo chimasungika popanda fuliji. Vuto la chakudya chotere ndi lomwe mumaliona m'botolo la chiponde chanu chakunyumba, mafuta kukwera pamwamba, pansi n'kutsala chouma. Opanga amathiramo zogwirizanitsa pang'ono, za mtundu wa lecithin ndi E471, kuti kulumako koyamba ndi komaliza kufanane. Amayi, kapaketiko muzikafinyafinya musanang'ambe. Musamasungunule chipondecho m'madzi n'kusunga, mwana adye chomwecho ndipo madzi abwino amwe pambali. Ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si zopaka pa buledi wa abambo.

Mfundo yachisanu, ndi yomaliza, chiwaya ndi sopo. Achinyamata inu, ndikudziwa mtengo wa mafuta masiku ano, ndipo sindinabwere kudzakunyozani. Dedza ndi kwawo kwa kachewere, ndipo chiwaya chikuphunzitsa ana ambiri. Koma mverani chimene chimachitika m'chiwayamo.

Mbatata ili ndi madzi ambiri. Ikalowa m'mafuta otentha, madziwo ndi motowo zimayamba kudula mafuta monga amachitira lipase, ndipo mpweya nawo umawawononga. Zidutswa zimene zimapangika zina ndi zogwirizanitsa. Mukazidziwa ndi maso. Mafuta atsopano, mbatata ikalowa, amatulutsa thovu loyera lokulakula limene limaphwa msanga. Mafuta otopa amatulutsa thovu laling'onoling'ono, lokhuthala, lodera, limene limakwera kufuna kusefukira ndipo siliphwa. Amafuka utsi moto usanakule, amanata m'mphepete mwa chiwaya, ndipo tchipisi chake chimada kunja m'kati musanapse, n'kutuluka chitamwa mafuta lendelende. Pamene mumati mukupulumutsa mafuta, mbatata ndiyo ikukumwerani ambiri. Ndipo m'mafuta otopamo zidutswa zina zimamangana n'kukhala zikuluzikulu zimene lipase amavutika kudula. Maiko ambiri a ku Ulaya amalamula kuti mafuta okazingira atayidwe zowonongekazi zikafika pafupifupi magawo 25 pa 100.

Ife tilibe makina oyezera pamsewu, koma tingachite izi. Mbatata muziikhetsa madzi bwinobwino isanalowe. Nyenyeswa zopserera muzizivuula pafupipafupi, ndipo madzulo muzisefa mafuta ndi kansalu koyera n'kuwavundikira. Mchere muzithirira pambali, osati pamwamba pa chiwaya. Moto usakule mpaka utsi pamene palibe chokazinga. Ndipo thovu lija likayamba kukana kuphwa, kuthirapo mafuta atsopano sikuchiza akalewo, kumangoononga atsopanowo.

Za sopo ndi zachidule. Sopo wochapira, makamaka waufa uja, ndi chogwirizanitsa chimene sichinapangidwire m'mimba. Mitundu yake ina simangotsekereza enzaimu, imaipotokola mpaka kufa, ndipo imayabwa khoma la matumbo. Kachidutswa kotsalira m'mbale sikapha munthu, koma palibe chifukwa chokadyera. Inu amene mumapita ndi mkaka kumalo osonkhetsera, zidebe ndi nsalu zosefera muzitsuka ndi sopo ndithu, chifukwa mafuta a mkaka otsalira m'makona ndiwo amasunga tizilombo. Kenako muzitsukuluza ndi madzi abwino mpaka chala chisamatererenso, n'kuzivundikira pathandala kuti ziume padzuwa. Chimodzimodzi kapu ndi supuni ya mwana. Ndipo sopo waufa ndi madzi otsukira mbale muziika patali ndi ana, osati m'botolo la zakumwa. Akamwa mwangozi musawasanzitse, chifukwa thovulo lingalowe m'mapapo. Thamangirani nawo kuchipatala mutatenga ndi paketi yake yomwe.

A wapampando, ndaona manja ayamba kale kukwera kumbuyoko, kumene kwakhala anyamata a chiwaya. Ndibweze kwa inu kuti tiyambe mafunso.